Nyimbo ya a Namputo Imene Simunaimve

Malemu amene agona patsogolo pathupa, bambo Francisko Namputo, anabadwa pa 9 Malichi 1949 ku Nchema, m'boma lathu lino la Chiradzulu. Anali achitatu kubadwa m'banja la bambo Jeremiah Namputo ndi mayi Hannah, omwe onse anatsogola kale. Makolo awo anali alimi, ndipo malemu anakula akudziwa khasu, nandolo ndi chinangwa monga ana ena onse a kumeneko.

Amfumu, akatekisiti ndi akuluakulu a mpingo, akuchimuna amene mwachokera ku Nchema, abale ndi alongo nonse, ine amene ndaima pano ndine Alufeyo Makhuva, mchimwene wawo wa mayi Enelesi, amene lero atsala okha. Malemu anali alamu anga. Nyumba yanga ndi yawo zatalikirana ngati pano ndi pamtengo wa mango uwo, choncho zimene ndinene sindinachite kumva kwa munthu.

A Stanford, mphwanga, amene akuyendetsa mwambo uno, andinong'oneza kuti ndifupikitse poti dzuwa lakwera. Ndamva, koma sindifupikitsa. Lero mudikira. Malemuwa pa moyo wawo wonse anapempha kwa ife chinthu chimodzi chokha. Sanapemphe munda, sanapemphe mbuzi. Anapempha kuti anthu a mudzi uno tikhale pansi, timvere nyimbo yawo imodzi ya pagitala kuyambira poyamba mpaka pothera. Mbiri yawo yagona pamenepo, ndipo ndiinena momwe inayendera, ngakhale ena isawakomere.

Sukulu anayambira kwawo komweko mu 1958, kenako anakamaliza ku mishoni ya Nguludi, akukhala kwa amalume awo. Anafika Sitandade 8 mu 1966. Mutu unalipo, koma chaka chomwecho bambo awo anamwalira, ndipo za sekondale zinathera pomwepo. Chimene anatsala nacho ndi Chingerezi chokwanira kuwerenga buku pang'onopang'ono, chala chili pamzere.

Pa 15 Juni 1974 anamanga ukwati woyera ndi mlongo wanga Enelesi, nadzakhala chikamwini m'mudzi muno, kufupi ndi Milepa. Ife achimwene tinadabwa kuti mlongo wathu waona chiyani, poti nkhope sinali yoti n'kudzitama nayo. Akulu amati ukaipa dziwa nyimbo, koma nthawi imeneyo ngakhale nyimboyo anali asanaidziwe. Tinadzazindikira pambuyo pake. Anali mkamwini wofatsa, wosamwa, wosakweza mawu. Pa zaka zonse zimene akhala pano sindinaitanidwepo kukaweruza mlandu m'nyumba mwawo, ndipo ankhoswe anzanga muli pano, nditsutseni ngati ndanama.

Mu 1976 anapeza ntchito ya ukhukhi ku Limbe, kwa mmwenye wina wa sitolo. Mu 1985 anasamukira kwa dokotala wina wochokera ku America amene ankagwira ntchito mu Blantyre. Bwana ameneyu akaweruka ankakhala pakhonde n'kumaimba gitala, nyimbo za kwawo zimene amazitcha blues. Malemu ankamva ali kukhitchini. Anandiuzapo kuti tsiku lina anapsereza mpunga, chifukwa anaima pazenera mpeni uli m'manja n'kuiwala kuti pamoto pali poto.

Mu 1994, chaka cha mavoti chija, dokotalayo anabwerera kwawo. Pogawa katundu anayambira malemu, poti ndiwo anali atakhalitsa, n'kuwauza kuti asankhe chimene mtima wawo ukufuna. Panali makina osokera. Panali njinga yatsopano. Abale anga, makina osokera! Alamu anga anasankha gitala, mabuku awiri, makaseti odzaza kabokosi ka nsapato ndi kawailesi kolizira makasetiwo. Wakudimba anapita ndi njinga, mayi wolera ana anapita ndi makina, ndipo ndikumva kuti mpaka lero akusoka ku Bangwe. Tsiku limene malemu anatsika minibasi ndi katundu ameneyu ine ndinawalankhula mawu olemera, ndipo sindibisa, za makinawo zimandiwawabe.

Ndifotokoze za mabuku ndi makasetiwa, chifukwa ambiri a inu munkaziseka musakuzidziwa. M'mabukumo munali mizere isanu ndi umodzi, kuimira nsambo za gitala, ndipo pamizerepo panali manambala osonyeza poika chala. Makaseti anali opangidwira mabukuwo. Mukaliza mumamva ng'oma, besi ndi piyano, koma woimba mawu mulibe, gitala mulibe. Sikuti anali owonongeka ayi. Anawasiya dala choncho, kuti wophunzirayo aike gitala yake pamalo potsalapo, azikhala ngati akuimba ndi gulu. Buku linali ndi lamulo lake lakuti kaseti ikayamba usathamangire, uleke gululo lizungulire kaye kamodzi lokha, iwe ukuwerenga mumtima, kenako ndiye ulowe. Malemu anasunga lamulo limeneli ngati la m'katekisimu.

Kuyambira chaka chimenecho moyo wawo unali wa munda m'mawa, gitala masana. Akaweruka kumunda ankasamba m'manja ndi sopo, n'kukhala pampando wandalema kuseri kwa nyumba, buku atalitsamiritsa pa lichero. Sankaimba nyimbo monga mmene inu ndi ine timadziwira nyimbo. Ankatenga kachidutswa kamodzi n'kukabwereza, kukabwereza, sabata yathunthu kachidutswa komweko, mpaka nkhuku zanga zinakaloweza. Akalakwitsa ankaimitsa kaseti, kubweza, kuyambiranso. Ine nyimbo zimenezi sindinazikonde. Sizivinika, sizipempherereka, ndipo akakankha nsambo ndi chala zinkalira ngati mphaka wapanidwa ndi chitseko. Ndinkawauza pamaso, iwo n'kumangoseka kuti alamu dekhani, sindinapse.

Sizinali zophweka. Mabatire ankatha msanga, ndiye pobweza kaseti ankaitulutsa n'kumaizunguza ndi cholembera kuti asamalize moto wa wailesi. Nsambo zikaduka ku Milepa kunalibe kogula, ankasombola waya wa mabuleki a njinga n'kumangapo, ndipo waya ameneyu ankawatema zala mpaka zinalimba ngati chikopa cha ng'ombe. Kaseti ikatafunidwa ankapita nayo kwa a Abbas, amene amakonza mawailesi pamsika wa Milepa, n'kukailumikiza. A Abbas anasanduka mnzawo wa ponda apa nane m'pondepo. Mmodzi wa Katolika, wina wa Chisilamu, koma akakhala awiri mitu ili pamodzi pa kawailesi, munkati ndi ana a mimba imodzi. Ndipo ndineneretu kuti palibe mwana wa m'nyumba iyi amene anagonapo ndi njala chifukwa cha gitala. Munda wawo wa nandolo unkaposa wanga.

Mu 1998, ataona kuti zala zayamba kumvera, anafuna kuimba ndi anthu amoyo. Anapita ku kwaya ya kutchalitchi. Anawayankha kuti zoimba zawo n'za m'mabala, chikhalirecho munthuyo m'bala sanalowemo ndi phazi lomwe. Chaka chotsatira anapita kwa anyamata a mabanjo amene ankaimba m'maukwati kuno. Anyamatawo anawapatsa mpando, kumva pang'ono, n'kuyamba kufunsana ngati madalawa akutchuna kapena ayamba kale. Malemu anabwerera gitala ili kumsana, osadandaula kwa munthu. Anangoti mwina sanafikepo, n'kutsegulanso buku patsamba loyamba.

Chaka cha njala ya 2002 tonse tinawakakamiza kuti agulitse gitala. Anagulitsa mbuzi, anagulitsa bedi, anakagwira ganyu mpaka ku Thumbwe, koma gitala anaikana. Za mabatire panalibe. Pamenepo ndi pomwe ndinaonera chimene mlongo wanga anali. Makaseti aja anali atawaloweza pongomva, ndiye ankatembenuza ndowa n'kumawaombera ng'oma ndi chikhatho, m'mimba muli pululu, kuti amuna awo asataye kayendedwe ka nyimbo. Amayi ena a muno munkadutsa n'kumati misala yapatsirana. Muli pano, mwafunda zitenje kumutu, ndipo ndikukuonani.

Mu 2004 mwana wawo wotsiriza, a Phyllis, anapeza banja. Iwo ndiwo anapita kwa bambo awo n'kuwapempha kuti pa madyerero a ukwati adzaimbe nyimbo imodzi. Komiti inavomera, zinalembedwa pa ndondomeko, ndipo ine ndinalipo. Malemu anasankha nyimbo yodekha ya kumapeto kwa buku lachiwiri, imene anali akulimbana nayo kwa zaka. Miyezi yonse yokonzekera ukwati, ena tikuthamanga ndi za chimera ndi nkhuni, iwo anali pa nyimbo yomweyo. Anatuma a Abbas ku Blantyre kukagula nsambo zenizeni za m'sitolo. Anatulutsa jekete limene anakwatira nalo, mayi Enelesi n'kulisita ndi makala.

Tsiku linafika, Loweruka pa 21 Ogasiti 2004, pabwalo lomwe lino pamene mwakhalapa. Panali anyamata a disiko ochokera ku Limbe ndi jenereta yawo, ndipo woyendetsa mwambo anali a Stanford omwewa. Perekaniperekani atafika pakati, anaitana bambo a mkwatibwi. Malemu anapereka kaseti kwa mnyamata wa disiko, anawaikira maiki pafupi ndi gitala, iwo n'kuima chilili. Kaseti inayamba. Ng'oma, besi, piyano, pang'onopang'ono. Alamu anga anatsinzina, phazi likugunda pansi, milomo ikugwedera. Ankawerenga, kudikira kuti gulu lizungulire kamodzi, monga buku linawaphunzitsira kwa zaka khumi.

Inu simunadikire. Kudikirako sikukanakwana ndi mphindi imodzi yomwe, nthawi yoti munthu n'kumwa kapu ya thobwa, koma simunadikire. Wina kumbuyo anakuwa kuti madala aiwala. Amayi ena analuluta monyoza. Mnyamata wa disiko, pomva kuti woimba sakutuluka, anaganiza kuti kaseti ndi yofufutika, n'kuyang'ana a Stanford. A Stanford anaona munthu ataima maso ali chitsinzinire, n'kuganiza kuti mantha awagwira. Anagwedeza mutu. Ine ndinali pafupi, ndinaona ndi maso angawa dzanja la alamu likukwera, chala chitafika kale pa nsambo. Pomwepo kaseti inazima. A Stanford anawagwira pamkono, n'kulengeza pa maiki kuti bambo athu chimwemwe chawapitirira, tiyeni tiwaombere m'manja. Munaomba. Ena munawaponyera ndalama zachitsulo ngati wopemphetsa wa pa depoti. Sanalize nsambo ndi imodzi yomwe.

Ndinathamanga kukauza komiti kuti kasetiyo imayamba choncho, aibwezere. Anandiyankha kuti nthawi yatha, anthu akufuna kuvina. A Phyllis analira atavala velo, anthu n'kumati akulira kusiyana ndi makolo. Kulakwitsa aliyense amalakwitsa, ndipo za tsiku limenelo ndikanatha kuzimeza. Chimene chimandinyansa ndi cha m'mawa mwake ndi masiku onse otsatira. Munauzidwa chimene chinachitika. Ndinakuuzani ine, anakuuzani a Abbas pamsika. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzapepesa. M'malo mwake munawapatsa dzina lakuti a Chiimire. Pa mowa munkaima n'kutsinzina, n'kumagunda phazi pansi, anzanu ali gadaa ndi phwete. Akabaza pa siteji ankawaitana dzina lomwelo akamadutsa. Bambo wa zaka makumi asanu ndi zisanu, wa zidzukulu, m'mudzi umene anaugwirira ntchito za chitukuko ndi kuukumbira manda! Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi umenewu mumaudziwa nonse, mumaunena m'milandu, koma kudekha mphindi imodzi kunakukanikani.

Malemu anangosamutsa mpando wawo kuchoka kuseri kwa nyumba kulowa nawo kuchipinda, wailesi n'kuitsitsa mawu. Ine amene ndinkadandaula za phokoso ndinayamba kutchera khutu osamva kanthu, ndipo bata limenelo silinandikomere. Pamaso pa anthu sanafunenso kuima. Koma chimene ankafuna chija sichinawachoke, ndipo mu 2006 anapeza njira ina. Anati ngati vuto ndi kuwaona ataima, ajambula nyimboyo pa kaseti, kuti munthu akamvere kwawo, iwo palibe.

Anadikira tsiku lopanda phokoso. Linapezeka mu Novembala, pamene mudzi wonse unakhamukira kokalandira makuponi a feteleza. A Abbas anatseka malo awo pamsika n'kubwera ndi wailesi yachiwiri, kuti ina iziliza kaseti ya ng'oma ija, inayo izijambula. Ine anandipatsa ntchito yoima panja ndi kamtengo kupirikitsa nkhuku ndi mbuzi. Koyamba tambala wanga yemwe anawononga zinthu. Kachiwiri kunadutsa njinga ya belu. Kenako kunati zii, ndipo ine, nditaima pazenera, ndinamva ng'oma zija zikuzungulira, n'kufika pamalo paja pamene inu munazimitsa. Alamu analowa.

Sindikudziwa za nyimbo, ndipo sindinganame kuti tsiku limenelo ndinayamba kuzikonda. Koma tizidutswa tonse tija, timene tinkandiboola m'makutu zaka zonsezo, ndinatimva titalumikizana, kalikonse pamalo pake, ngati njerwa zimene wakhala ukuziona zili mulu n'kudzapeza yaima nyumba. Gitala inkayankhula ngati bambo amene akudandaula koma sakufuna kuti ana amuone akulira. Sanaphonye pena paliponse. Atamaliza, a Abbas anatuluka n'kukaima kumunda. Ine misozi inatsika, ndine wamkulu, ndikunena pagulu. Malemu anatuluka thukuta lili kamukamu n'kundifunsa ngati tsopano apsa. Ndinawayankha kuti apsa.

Sabata yotsatira anaimirira pa msonkhano wa mphakati, kagulu ka akhristu a m'mudzi muno, mwaulemu, chipewa chili m'manja. Ananena kuti nyimbo ija imene inalephereka pa ukwati ilipo tsopano pa kaseti, ndipo aliyense woifuna angobwera kudzabwereka, wopanda wailesi adzamubwereka ndi wailesi yomwe. Munati zikomo, munati tibwera. Anaikulunga m'pepala la shuga kuopa fumbi n'kuiika pa shelefu pabalaza, pafupi ndi chitseko, kuti wobwera asavutike. Khirisimasi inadutsa. Chimanga chinamera, chinamasula. Munthu mmodzi yekha ndiye anabwera kudzaifunsa, wachibale, dzina ndilisunga chifukwa cha ana ake. Anati wamva kuti pali kaseti ikungokhala, ndiye amupatse akajambulirepo nyimbo za kwaya. Mayi Enelesi anamutulutsa ndi tsache, ndipo ndikanakhalapo ine ndikanawonjezera.

Pa 12 Febuluwale 2007 malemu anagwa ali kumunda. Tinawanyamula pa njinga kupita nawo ku chipatala cha Milepa, ndipo kumeneko anatitumiza ku Nguludi. Madokotala anati ndi sitiroko, yobwera chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Anawasamala bwino, moyo unatsala, koma mbali ya kumanzere inafa, dzanja lomwe lija logwira nsambo. Atatuluka anapempha kuti mphasa yawo iyalidwe pabalaza. Gitala anati aipachike kuchipinda, asamaione. Mabuku ankawapemphabe, n'kumatsegula ndi dzanja lamanja, akuyang'ana manambala aja.

Kudzazonda munabwera, zimenezo sindikukanirani. Munabwera ndi nthochi, munabwera ndi mapemphero. Munkakhala pansi pa shelefu yomweyo, ena mpaka kutsamira khoma lake, kaseti ili pamwamba pa mitu yanu. Munkakamba za mvula, za mitengo ya nandolo, za amene watenga mimba. Mukatuluka, malemu ankayesetsa ndi lilime lolemera lija kufunsa akazi awo ngati alendowo anenapo za kaseti. Mlongo wanga sadziwa kunama. Miyezi yonseyi wakhala akuyankha funso limodzimodzi ndi yankho limodzimodzi, ndipo ndi iye yekha akudziwa mmene linkamupwetekera. Chakumapeto malemu analeka kufunsa. Ankangoyang'ana pa shelefu, n'kutembenukira kukhoma. Lachiwiri lapitali, pa 18 Sepitembala 2007, dzuwa likupendeka, anatisiya ali m'manja mwa akazi awo, atalandira masakalamenti onse. Anali ndi zaka 58.

Tsono imvani zimene taona chimwalirireni. Mtembo usanazizire n'komwe, mudzi uno wadzaza ndi anthu okonda gitala. Amene ankati ndi za m'mabala dzulo amandigwira dzanja kuti tataya katswiri. Katswiri munamumvera kuti? Amene ankatsinzina pa mowa akuti malemu anali mnzawo wapamtima. Wina wafunsa kale kuti gitalayo itsala ndi ndani. Ndipo aliyense akufuna kaseti. Amayi kuseri akufunsa, abambo pa chisakasa akufunsa. A Stanford, mwa ufulu wawo, aitanitsa anyamata a disiko omwe aja, masipika awo ndi awo ali pansi pa mtengowo, kuti akuti tiwalemekeze malemu poliza nyimbo yawo tisananyamuke. Maliro n'kulirana, ndikudziwa. Koma kulira kwina kumanunkha, ndipo ine kuyambira dzana malovu akungodzaza m'kamwa. Munthu ali moyo munamumana mphindi zisanu. Lero poti sangakuoneni, mwakhala phee kuyambira m'mawa, palibe wakuwa, palibe woti nthawi yatha kupatula mphwangayu.

Malemu asiya akazi awo, mayi Enelesi. Asiya ana anayi: a Geoffrey amene ali ku Zomba, a Aubrey amene ali nafe pano, a Fiona amene anakwatiwa ku Nguludi, ndi a Phyllis. Asiya zidzukulu zisanu ndi zinayi. Kwawo ku Nchema asiya alongo awo awiri ndi mng'ono wawo mmodzi. Gitala, mabuku ndi makaseti ophunzirira zitsala m'nyumba mwa mayi Enelesi, choncho amene munayamba kuziwerengera mupumule.

M'malo mwa banja ndikuthokoza amfumu potipatsa malo kumanda, ndi adzukulu amene alawirira kukakumba nthaka youma ngati ino. Ndikuthokoza akuchimuna polola kuti m'bale wawo agone kuno kumene anakhala chikamwini zaka zonsezi. Ndikuthokoza anamwino ndi madokotala a ku Milepa ndi ku Nguludi, amayi a mpingo amene agona m'siwa, ndi onse amene mwabwera ndi ufa, nkhuni ndi ndiwo. A Abbas, inu mawu okuthokozani ndilibe. Munatseka ntchito yanu chifukwa cha nyimbo ya mnzanu, ndipo dzulo mwapala nawo matabwa a bokosi lake. Mulungu amene mumamupembedza akubwezereni.

Anyamata a disiko, zikomo pobwera, koma masipika anuwo mumasule. Yankho la kaseti ndi ili, ndipo si langa, ndi la mayi Enelesi, ana agwirizana nalo, akuchimuna avomera. Kaseti inali imodzi yokha, sitinajambule ina. M'mawa uno, titatha kuwasambitsa malemu ndi kuwaveka, mlongo wanga anatseka chitseko, n'kuiliza motsitsa kuti ana amve bambo awo komaliza, kuyambira poyamba mpaka pothera. Itatha anaitulutsa, anaikulunga, n'kuiika m'thumba la m'kati la jekete lawo. Bokosi lakhomedwa. Ili m'menemo, patsogolo panupa, ndipo ikupita nawo. Inakudikirani pa shelefu kuyambira Novembala. Musadzafunsenso mlongo wanga kuti inkamveka bwanji, sadzakuuzani, ndipo inenso zimene ndanena zija ndi zomwezo.

Alamu anga a Namputo, mwagwira ntchito yanu, mwalera ana anu, simunalakwire munthu m'mudzi muno. Nyamukani ndi nyimbo yanu. Ambuye akulandireni, mzimu wanu uuse mumtendere, ndipo kumene mukupitako akakulekeni muimbe mpaka mumalize.